Za agogo amene akuti adzabadwa mu 2048

Owerenga anzanga a m'malire muno, sabata ino ndati tichezeko pa nkhani yooneka ngati yaing'ono, nkhani ya kalembedwe ka madeti. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti za makompyuta n'za anthu a ku Tete ndi ku Maputo, ife zathu ndi khasu ndi nkhokwe. Koma taganizani bwino. Dzina lanu lili m'kompyuta ya olembetsa mavoti, lili kwa amene anakupatsani chitupa, lili kwa amene anakulemberani nambala ya foni, ndipo pambali pa dzinalo pali deti. Deti limenelo ndilo limanena ngati mwana wakwana zaka 6 zoyambira sukulu, ngati mnyamata wafika zaka 18 zoponyera voti, ngati agogo afika msinkhu wolandira thandizo la okalamba. Deti likapotoka, wobwezedwa pakhomo la ofesi si kompyuta ayi, ndi munthu amene wayenda wapansi kuyambira m'bandakucha.

Ine ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere ndi chimanga kuno ku Angónia. Kwa zaka zambiri tinkalemba zonse m'makope: tsiku limene munthu walowa m'gulu, tsiku lake lobadwa, tsiku limene watenga feteleza pa ngongole ndi tsiku loti abweze. Gulu litapeza kompyuta, ntchito yosamutsa zonsezi inagwera ine. Mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makinawa ku Tete, ankabwera pa tchuthi kudzandiphunzitsa, poyamba Excel, kenako kulemba timapulogalamu ting'onoting'ono m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python. Ataona makope aja anati, "Malume, madeti onse ali umuwa, kwa kompyuta si madeti ayi. Ndi mawu chabe."

Tsono ndimasulire zimene mnyamatayu ankatanthauza. Inu ndi ine tikaona 04/10/1992 timadziwa nthawi yomweyo kuti ili ndi tsiku la 4 Okutobala, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma. Timadziwanso kuti linabwera pambuyo pa 25/06/1975, tsiku la ufulu wathu. Kompyuta payokha siidziwa zimenezi. Ili ndi njira ziwiri zosungira chinthu chotere. Njira yoyamba ndi kuchisunga monga zilembo 10 zotungidwa pamodzi ngati mikanda pa ulusi, zimene olemba mapulogalamu amazitcha string. Pamenepo imangoona kuti mkanda woyamba ndi 0, wachiwiri ndi 4, wachitatu ndi kamzere. Za mwezi ndi chaka siizidziwa, monga mwana wosayamba sukulu amatha kukopera zilembo padothi koma osadziwa chimene zikunena.

Njira yachiwiri ndi kuchisunga monga deti lenileni, ndiye kuti monga chiwerengero cha masiku. Excel amayamba kuwerenga pa 1 Januwale 1900, choncho kwa iye tsiku la ufulu ndi nambala 27570 ndipo tsiku la mtendere ndi 33881. Mukachotsera nambala yaing'ono pa yaikulu mupeza kuti pakati pa masiku awiriwa panadutsa masiku 6311. Angathenso kukuuzani kuti ufulu unabwera Lachitatu, mtendere unabwera Lamulungu. Koma zilembo zotungidwa zija simungazichotsere. Kuli ngati kuuza munthu kuti achotse mawu oti "mbuzi" pa mawu oti "ng'ombe" n'kukuuzani zotsala.

Vuto lake n'lakuti pagalasi la kompyuta ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Deti lenileni ndi deti la mawu chabe zimafanana ngati mbewu yabwino ndi mbewu yofumbwa zili m'thumba limodzi. Zimadziwika pa tsiku loti zigwire ntchito. Mavuto amene ndawaona ndi maso anga ndi anayi.

Loyamba ndi la kuika zinthu m'ndondomeko. Nthawi yokolola ikayandikira, komiti imafuna mndandanda wa onse amene ali ndi ngongole, woyenera kubweza msanga akhale pamwamba. Madeti akakhala mawu, kompyuta imawandandalika monga mayina m'kaundula wa sukulu, poyang'ana chilembo choyamba. Motero 01/12/2024 amakwera pamwamba pa 15/03/2024, chifukwa 0 amatsogola 1, ngakhale kuti Disembala ali kutali ndi Malichi. Ndipo ngati mlembi analemba 9/5/2024 popanda ziro kutsogolo, deti limenelo limatsikira pansi penipeni, kumunsi kwa 30/11/2024, chifukwa 9 amabwera pambuyo pa 3. Mndandanda wotere ukafika kwa msungichuma, amapita kukagogoda pakhomo pa munthu amene nthawi yake isanakwane, n'kusiya wina amene anapitiriza kale miyezi iwiri. Nonse mukudziwa kuti kulonjerera munthu ngongole pamaso pa ana ake nthawi isanafike ndi mlandu wokathera kwa a nyakwawa.

Lachiwiri ndi la kusinthana kwa tsiku ndi mwezi. Ife kuno, anzathu a ku Malawi, ngakhalenso a ku Portugal, timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Ku America amayamba ndi mwezi. Makompyuta ambiri amene amafika kuno, makamaka ogwirapo kale ntchito kwina, amabwera atatcheredwa m'njira ya ku America. Tsono tengani 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino, lokumbukira imfa ya Josina Machel mu 1971. Ife timalemba 07/04. Kompyuta yotereyi imawerenga kuti 4 Julayi, tsiku la ufulu wa America. Tsiku la ngwazi zathu, 03/02, pamene Eduardo Mondlane anaphedwa mu 1969, limasanduka 2 Malichi. Kwa abale a tsidya linalo, 06/07/1964, tsiku limene Malawi analandira ufulu, limasanduka 7 Juni.

Choopsa n'chakuti kusinthaku kumachitika mwakachetechete, ndiponso sikuchitika pa madeti onse. Masiku oyambira pa 1 mpaka 12 ndi amene amatembenuzidwa, chifukwa manambala amenewa angathenso kukhala miyezi. Kuyambira pa 13 kupita m'tsogolo palibe mwezi wotero, choncho Excel amangolisiya detilo monga mawu. Mukawerenga bwino mupeza kuti pachaka pali masiku 132 amene angatembenuzidwe chotere. Zotsatira zake n'zakuti mzere umodzi womwewo umakhala ndi madeti otembenuzidwa ndi madeti a mawu chabe, ndipo palibe belu limene limalira. Chizindikiro chilipo chimodzi kwa amene ali ndi maso: Excel amakankhira mawu kumanzere kwa kabokosi, manambala ndi madeti enieni kumanja. Mukaona mzere wa madeti ukupita uku ndi uku ngati mapazi a munthu wochokera kumowa, dziwani kuti pali kanthu.

Lachitatu ndi la zinenero, ndipo ili ndi lathulathu la m'malire. Makope a gulu lathu anadutsa m'manja mwa alembi osiyanasiyana. Ena anaphunzira m'Chipwitikizi, ena anaphunzira ku Dedza ndi ku Ntcheu m'Chingerezi pa nthawi ya nkhondo, ena amalemba monga timalankhulira. Mwezi umodzi womwewo mumaupeza uli Outubro patsamba lino, October patsamba linalo, Okutobala patsamba lachitatu. Ofupikitsa amalemba Abr, Ago, Set, Out, Dez. Kompyuta yotcheredwa m'Chingerezi siidziwa kuti Out ndi mwezi, pakuti m'chinenero chimenecho mawuwa amatanthauza kunja. Ndipo mukaiuza kuti iike miyezi ya Chipwitikizi m'ndondomeko monga mawu, chaka chake chimayamba ndi Abril, kenako Agosto, kenako Dezembro, n'kukathera pa Setembro. Nanga m'chaka chotere mlimi angadzale liti, n'kukolola liti?

Lachinayi ndi limene lapereka mutu wa nkhaniyi. M'gulu mwathu muli agogo ena aakazi amene anabadwa mu 1948. M'kope lakale deti lawo linalembedwa ndi manambala awiri okha a chaka, kuti 48, monga ambiri amachitira pofuna kusunga malo. Mwana wa mlongo wanga uja, pofuna kundionetsa chimene chimachitika, anauza Python kuti awerenge zaka za mamembala onse. Agogo aja anatuluka kuti adzabadwa mu 2048. Chifukwa chake n'chakuti Python ali ndi lamulo lake pa zaka za manambala awiri: kuyambira 69 mpaka 99 amaziika m'zaka za m'ma 1900, koma kuyambira 00 mpaka 68 amaziika m'zaka za m'ma 2000. Excel naye ali ndi lake losiyana, amadula pa 29, kotero kuti nkhalamba yobadwa mu 1928 imasanduka khanda la mu 2028.

Achikulire mukumbukira mantha a kumapeto kwa 1999, pamene wailesi zinkanena kuti makompyuta a dziko lonse asokonezeka usiku wolowa chaka cha 2000. Muzu wake unali womwewu. Olemba mapulogalamu akale ankasunga chaka ndi manambala awiri chifukwa malo osungira zinthu m'makinawo anali odula, ndipo 00 akanatha kuwerengedwa ngati 1900. Maboma ndi makampani anawononga ndalama zambiri kukonza zimenezi tsikulo lisanafike. Vuto limene linagwedeza mabanki aakulu ndi lomwelo limene linali m'kope lathu la alimi.

Za agogo aja tinaseka, ndipo iwo eni atamva anaseka kuposa tonse, nati ngati sanabadwe ndiye kuti ngongole ya feteleza si yawo. Koma pambuyo pake ndinakhala chete. Mndandanda umenewo ukanakhala wosankhira okalamba oti alandire thandizo, dzina lawo silikanatuluka. Palibe akanawauza kuti akanidwa, palibe akanawauza chifukwa. Akanangoima padzuwa kumvera mayina a anzawo mpaka lomaliza, n'kubwerera kunyumba akuganiza kuti wina wawadyera. Udani wambiri wa m'midzi umayamba chonchi, pa chinthu chimene palibe munthu anachichita dala.

Nanga mankhwala ake n'chiyani? Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhaniyi kalumo kalipo. Mu 1988 bungwe loona za miyezo pa dziko lonse linatulutsa kalembedwe kotchedwa ISO 8601. Lamulo lake n'losavuta: chaka choyamba ndi manambala onse anayi, kenako mwezi ndi manambala awiri, kenako tsiku ndi manambala awiri. Tsiku la mtendere limakhala 1992-10-04, la ufulu 1975-06-25. Kuli ngati kutchula dziko, kenako chigawo, kenako boma, kenako mudzi, kuyambira chachikulu kutsikira ku chaching'ono. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale kompyuta italitenga detilo monga mawu chabe, ndondomeko imatulukabe yolondola, chifukwa chilembo choyamba chimene imayang'ana ndi cha chaka. Ndiponso Mpwitikizi, Mngerezi ndi munthu wa ku America onse amaliwerenga mofanana.

Chachiwiri chimene ndinaphunzira ndi kusandutsa mawu kukhala deti lenileni pakhomo penipeni, pamene akulowa m'kompyuta, ndiponso kuiuza kompyutayo momveka m'mene detilo lalembedwera, osaisiya kuti ilote. Ku Python kuli lamulo lotchedwa strptime. Mumalipatsa mawu a detilo pamodzi ndi chitsanzo, monga %d/%m/%Y, kutanthauza tsiku, mwezi, ndi chaka cha manambala anayi. Likakumana ndi chinthu chosagwirizana ndi chitsanzocho limakana n'kuimitsa ntchito. Limakana 31/02/2024 chifukwa Febuluwale safika pa 31. Limakana 29/02/2023 koma limalola 29/02/2024, chifukwa limadziwa zaka zimene Febuluwale amakhala ndi tsiku lowonjezera. Poyamba kukanaku kumatopetsa, koma ndi galu wouwa amene amateteza khola. Tsamba lililonse limene pulogalamu inakana, ndinabwerera nalo kwa mwini wake kukafunsa. Pajatu safunsa anadya phula. Makinawa nawonso si angelo: Excel mpaka lero amavomereza 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silinakhaleko, cholakwa chimene anatengera ku pulogalamu ina yakale yotchedwa Lotus 1-2-3.

Koma pali mbali ina imene sindifuna kuti anyamata ophunzira makompyuta aiiwale, ndipo pamenepa mawu amaposa manambala. Makolo athu ambiri sadziwa tsiku lawo lobadwa, koma sikuti sadziwa nthawi imene anabadwa. Wina akuuzani kuti anabadwa chaka cha njala ya 1949. Wina akuti mwana wake woyamba anabadwa pamene ankamanga damu la Cahora Bassa, ntchito imene inachitika kuyambira 1969 mpaka 1974. Wina akuti chaka chimene tinathawira ku Malawi, chimanga chitayamba ngayaye. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anakakhala ku Malawi. Mapepala ambiri anapsa kapena kutayika panjira, ndipo ana ambiri anabadwira kumeneko. Pobwerera, makamaka mu 1993 ndi 1994, ndiponso polembetsa chisankho choyamba cha zipani zambiri cha mu Okutobala 1994, aliyense anafunika deti. Kabokosi ka deti sikalandira mawu oti "chaka cha njala". Kamafuna tsiku, mwezi ndi chaka. Nchifukwa chake m'zitupa za anthu ochuluka mumapeza 1 Januwale, ngati kuti amayi onse a m'mudzi anachira tsiku limodzi.

M'kaundula wa gulu lathu tinagwirizana kuti tisapeke tsiku limene sitilidziwa. Kalembedwe ka ISO kaja kamalola kulemba chaka chokha, monga 1949, kapena chaka ndi mwezi, monga 1949-03. Pambali pake tinasiya mzere wina wa mawu, momwe timalemba zimene mwini wake ananena, ndi zimene zinali m'kope lakale ndendende monga zinalembedwera. Deti la pachitupa timalilemba palokha, chifukwa ndilo limene boma limadziwa. Motero manambala amagwira ntchito yowerengera, mawu amasunga umboni. Pakabuka mkangano timatha kubwerera kukaona kuti mlembi woyamba analemba chiyani. Makope akale sitinatenthe, ali m'bokosi mwa tcheyamani.

Tsono kwa inu amene mulibe kompyuta ndipo simuifuna, ndili ndi zopempha zochepa. Mukapita kukalembetsa china chilichonse, kaya ndi mwana, kaya ndi chitupa, kaya ndi ngongole, pemphani mlembi mwaulemu kuti akuwerengereni deti limene walemba, atchule mwezi ndi dzina lake, musanasaine kapena kudinda chala. Mukafika kunyumba yalani mapepala onse a munthu mmodzi pamphasa, sedula, chitupa, khadi la kuchipatala ndi la kusukulu, muone ngati akunena deti limodzi. Amene satha kuwerenga aitane mdzukulu. Mukapeza kusiyana, pitani mukakonzetse lero pamene palibe chokuthamangitsani, chifukwa tsiku la mayeso kapena la malipiro mlembi sadzakhala ndi nthawi yomvera nkhani yanu. Polemba ndi dzanja, lembani mwezi m'mawu ndipo chaka chikhale ndi manambala onse anayi. Mwana akabadwa, lembani tsikulo sabata yomweyo m'kope la pakhomo, musadalire kukumbukira. Ndipo pogula mankhwala a anthu, a ziweto kapena a m'munda, kaya ku Ulónguè kaya pa msika wa Lizulu, mukaona deti lothera mphamvu lili ngati 03/09, funsani wogulitsa ngati ndi 3 Seputembala kapena 9 Malichi, pakuti katundu wa m'misika yathu amachokera m'maiko ambiri.

Kwa ana athu amene akuphunzira ntchitoyi ndipo mawa adzakhala m'maofesi a boma lino, mawu anga ndi awa: mukaona mzere wa madeti, musathamangire kuuwerengera. Yambani mwafunsa ngati ndi madeti enieni kapena mawu, anawalemba ndani, m'chinenero chanji, ndipo anayamba ndi tsiku kapena mwezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumbuyo kwa kabokosi kalikonse kuli munthu wa kwanu konkuno amene akudikira kuti dzina lake litchulidwe.

Amene ali ndi mapepala osagwirizana ndipo sakudziwa poyambira, alankhule ndi mlembi wa gulu lawo kapena aphunzitsi a pasukulu yapafupi kuti awathandize kuwerenga.